Wolembera ana nayenso ndi wolemba weniweni kapena ayi?

Amake Tiyamike: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso limene landivuta mumtima, tikambirane bwinobwino osakwiyirana. Chifukwa chani munthu akanena kuti amalemba mabuku a ana anthu amangoti "aa zabwino zimenezo, nanga buku lenileni mudzalemba liti?" koma wina akati akulemba novelo ya akuluakulu, ngakhale chaputala choyamba sanamalize, aliyense amamupatsa mpando wakutsogolo? Mng'ono wanga amalemba tinkhani ta ana m'Chinyanja ndipo mawu amenewa wawamva mpaka watopa nawo, ngakhale kwa anzake olemba amene. Ine ndikuona kuti kulembera ana nkofunika ulemu wofanana ndi kulembera akulu. Inu mukuti bwanji?

A Tembo a ku Kabwata: Amake Tiyamike ndikuyankheni mosabisa chifukwa mwafunsa mosabisa. Mng'ono wanuyo akugwira ntchito yabwino ndipo palibe woyenera kumunyoza. Koma mukati ulemu wofanana, apo ndiye ndikukana. Kabuku ka ana mawu ake onse sangadzaze tsamba limodzi la nyuzipepala. Novelo munthu amakhala nayo zaka, anyamule anthu makumimakumi m'mutu, aliyense ndi khalidwe lake, akambe za ukwati, ndale, nsanje, imfa, chinyengo cha m'maofesi, zonsezo zigwirizane kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Taonani buku la Namwali Serpell lija linatuluka mu 2019, masamba opitirira 500, mabanja atatu mibadwo itatu, mbiri ya dziko lathu lino la Zambia ikuyenda mkatimo. Mundiuze kuti zimenezo tiziike pa sikelo imodzi ndi kalulu ananamiza fisi? Ayi mayi.

Amake Tiyamike: Ndiye kwa inu atate ulemu ukuchokera pa kunenepa kwa buku?

A Tembo a ku Kabwata: Osati kunenepa chabe, kuzama. Mwana sungamuuze zonse, pali malire, nde wolembayo amasambira m'madzi osaya kuyambira pachiyambi.

Madamu a Giredi 2: Atate a Tembo ndaona uthenga wanu ndili m'minibasi kuchokera ku Chawama ndipo ndinalephera kudikira kuti ndifike kunyumba. Bwerani tsiku limodzi mudzaime kutsogolo kwa kalasi yanga ndi buku m'manja, ana odzaza mpaka ena akhala pansi pafupi ndi bolodi, ena sanadye m'mawa, kunja kalasi ina ikusewera mpira. Muwawerengere. Pamenepo mudzadziwa ngati nkhani ili ndi moyo kapena ndi yakufa chifukwa mwana sanamizira. Wamkulu buku likamutopetsa amalimbikira mpaka kumapeto chifukwa analigula modula kapena akuopa kuti anzake amuona ngati sawerenga, mwana alibe manyazi amenewo, chiganizo chachitatu chikakhala chozizira wayamba kale kutsina mnzake.

Ndikupatseni chitsanzo. Pali kankhani kena ndimawawerengera, ka mnyamata amene amayi ake anamutuma kukagula mafuta ophikira pa kantemba, iye panjira anaima kuonerera anzake akuthamangitsa tayala, pofika pa kantemba apisa m'thumba la kabudula ndalama mulibe, thumba ndi lobooka. Ndikafika pamenepo kalasi yonse imati zii. Tsiku lina kamtsikana kena kakumbuyo kanalankhula kokha osakweza dzanja, kanati "amumenya lelo", kenanso kanati "osabwerera kunyumba iwe". Nkhani itatha anakangana okhaokha ngati mnyamatayo anachita bwino kuulula kapena akanangonena kuti anamulanda. Mantha, bodza, chikondi cha mayi amene alibe ndalama ina yogulira mafuta, zonse zili mmenemo m'mawu ochepa zedi. Amene analemba anasankha liwu lililonse mosamala chifukwa analibe malo obisalamo. Inu mukuti madzi osaya?

Chikondi wa pa UNZA (yunivesite ya Zambia): Madamu mwanena bwino. Ndiwonjezere pang'ono amalume a Tembo, chifukwa alembi amene inu mumawalemekeza sanaone ngati kudzitsitsa. Chinua Achebe wa ku Nigeria anatulutsa buku la ana mu 1966, atalemba kale manovelo atatu otchuka, ndipo ananena yekha kuti chinamukankha ndi mabuku amene mwana wake wamkazi ankawerenga, mmene ankaonetsera munthu wakuda. Ngugi wa Thiong'o wa ku Kenya analemba mabuku a ana m'Chigikuyu. Kuno kwathu Ellen Banda-Aaku buku lake loyamba linali la ana ndipo linapata mphoto ya Macmillan mu 2004, kenako mu 2010 anapata ya Penguin ndi novelo ya akulu, ndipo sanaleke kulembera ana. Kunja kuli mphoto ya mabuku a ana ya Hans Christian Andersen kuyambira 1956, kuyambira 1966 amapatsanso ojambula. Boma la Sweden mu 2002 linakhazikitsa mphoto ya Astrid Lindgren, ndalama zake ndi makrona 5 miliyoni, ndipo mu 2015 inabwera kuno kumwera, inapita ku bungwe la PRAESA la ku Cape Town limene limalimbikitsa ana kuwerenga m'zinenero zawo. Anthu saika ndalama zoterozo pa chinthu chimene amachiona chachibwana.

A Tembo a ku Kabwata: Mwana wanga Chikondi wandithandiza kunena mfundo yanga. Achebe dziko lonse limamudziwa chifukwa cha buku liti, la ana lija? Mayi Banda-Aaku ambiri tinawamva pa novelo inapata mphoto mu 2010 ija. Ndipo mphoto za ana nchifukwa chani zili padera? Chifukwa ndi mpikisano wina. Komanso tiyeni tinene zoona, ine adzukulu anga amabwera ndi timabuku kuchokera kusukulu ndipo ndimawerenga. Mutu: Chisomo asamba m'manja. Tsamba loyamba Chisomo wachokera kuchimbudzi, lachiwiri watenga sopo, lachitatu wasamba, lachinayi amayi amuyamikira, basi yatha. Imeneyi muitche nkhani? Ndi chikwangwani cha kuchipatala chimene achidula masamba.

Chikondi wa pa UNZA: Zoti timamudziwa ndi buku la akulu zikuonetsa amene amasankha zoti zitchuke amalume, akulu ndi amene amalemba m'manyuzipepala ndi kuphunzitsa pa yunivesite. Ana safunsidwa.

Madamu a Giredi 2: Pa nkhani ya Chisomo ndi sopo ndili nanu atate, sinditsutsa ngakhale pang'ono, ndipo apa ndi pamene pali bala lenileni. Koma dzifunseni kuti timabuku totero timachuluka chifukwa chani. Ndi chifukwa cha kusowa ulemu komweko. Anthu anagamula kale kuti buku la mwana ndi chida chabe chomulowetsera uthenga m'mutu, nde mabungwe akabwera ndi ndalama amayamba ndi uthenga, nkhani ibwere pambuyo ngati malo atsala. Amaitana anthu ku wekishopu, awapatse mitu, ukhondo, malungo, kubzala mitengo, pofika Lachisanu mabuku atuluke. Ndani angayerekeze kulemba novelo ya akulu mwanjira imeneyo? Sindikunyoza uthenga ayi, tonse tinaona kolera ya mu Januwale 2024, odwala atagona ku Heroes Stadium, sukulu zinachedwa kutsegula, ana anga ena anataya abale. Kusamba m'manja nkofunika zedi ndipo ndimaphunzitsa tsiku lililonse pa chigubu cha pakhomo la kalasi. Koma mwana amene buku lililonse limene wagwira limamulangiza amakula akudziwa kuti buku ndi mphunzitsi wina wobwera kudzamukalipira. Akafika ku sekondale sagwiranso buku pokhapokha ngati kuli mayeso. Ndiye manovelo anu aja atate adzawerenga ndani?

Wamabuku wa pa Cairo Road: Madamu alankhula zimene ndimaona pa thebulo langa. Ine ndimagulitsa mabuku mumsewu, atsopano ndi akale. Chimene chimayenda ndi mapepala a mayeso akale, mabuku a magiredi olemba mayeso, Baibulo, dikishonale, ndi aja ophunzitsa kulemera. Kholo likabwera ndi mwana, mwana maso ake amathamangira ku kabuku ka zithunzi, wakatola kale akutsegula, kholo funso lake ndi limodzi: izi zibwera pa mayeso? Ndikati ayi iyi ndi nkhani chabe, amati bweza, sitinabwere kudzataya ndalama. Ndaonapo mwana akupita akucheukira kathebulo kanga mpaka kukhota pakona. Sindiwaweruza makolo, ufa wakwera, lendi, magetsi, koma kholo lomwelo limagula mabandulo kuti mwana aonere makatuni pa foni.

Komanso mabuku a ana amene ndimapeza ambiri ndi a m'mabelo ochokera kunja, ana ake ovala majekete akusewera pa sinoo, agogo akuphika zinthu zimene ine mwini sindinadyepo. Ndi abwino, mapepala olimba, koma a Chinyanja a nkhani chabe osati a silabasi amasowa kwambiri, akapezeka kamodzi sabweranso.

Amake Tiyamike: Achimwene funso limenelo la mayeso landipweteka. Ndiye kuti mwana wa ku komboni alibe ufulu wowerenga chinthu chongomusangalatsa?

Ambuya a ku Mtendere: Ana anga, mdzukulu wanga ndiye akundilembera pa foni, ine ndikungonena. Ndamva zonse. A Tembo, ndinu wamkulu mnzanga, tinakulira kum'mawa tonse, ndikufunseni. Mmene tinali kukhala pamoto madzulo dzinja litatha, wina nkuti padangokhala, ife tili tonse, panali kupatula kuti iyi nthano ya ana iyi ya akulu? Tinali kukhala pamodzi, wakhanda ali kumsana, anyamata, atsikana, azakhali. Ndipo nthanozo zinali zosaya? Mwana wamasiye amene mayi womupeza anali kumumana nsima nkumutuma kumadzi usiku. Bambo wa nthawi ya njala amene anapeza chakudya kuthengo nkumadya yekha mobisa, kunyumba ana akulira. Mtsikana wokana amuna onse a m'mudzi mpaka anakwatiwa ndi chilombo chovala khungu la munthu. Imfa inalimo, njala inalimo, nkhanza za m'banja zinalimo, ndipo pakati pake nyimbo imene mwana wakufa anali kuimba kudzera m'kambalame kuulula amene anamupha, ife tonse nkumavomera, tsitsi likuima. Mwana anali kumva zake, wamkulu anali kumvanso zake zobisika mkati. Mayi womupeza uja ngati analipo pamotopo anali kuzolika.

Ndipo wosimba bwino anali kulemekezedwa m'mudzi monse. Kuno kutauni zaka za m'ma 1970 tinali kuzungulira wailesi kumvera a Julius Chongo pa Poceza M'madzulo, nyumba yonse, palibe amene anathamangitsa ana kapena kunena kuti izi nzachibwana. Munthu mmodzi yekha kusintha mawu kukhala nkhalamba, kukhala mwana, kukhala fisi. Uja sanali katswiri?

Phala la mwana wakhanda ndi limene timasefa ufa wake kawiri, nkulitakasa osachokapo kuti pasakhale mibulu, chifukwa iye sangalavule yekha choipa. Sitinanenepo kuti wophika phala si wophika.

Madamu a Giredi 2: Ambuya zikomo, mwandikumbutsa nyimbo ya kambalame, amayi anga anali kuiimba. Mawa ndiyesa m'kalasi.

A Tembo a ku Kabwata: Amayi a ku Mtendere, pa nthano sindingakutsutseni, ndinakulira pamoto womwewo ndipo a Chongo ndinali kuwamvera. Koma onani kuti mwatchula zinthu zimene zinadutsa pakamwa pa mibadwo yambiri, zofooka zinafera m'njira, zatsala zamphamvu zokhazokha. Ine ndikukamba za mabuku amene akulembedwa lero. Akatenga nthano yomweyo kuiika m'buku amachotsa nyimbo, amachotsa imfa kuti ana asaope, chilombo chija chimapepesa kumapeto, nkuwonjezera mzere wakuti phunziro la nkhaniyi ndi lakuti. Chatsala nchani?

Chikondi wa pa UNZA: Nde vuto si mtundu wa zolembazo amalume, vuto ndi kuzilemba moipa. Manovelo oipa a akulu nawonso ndi ambirimbiri, achimwene a pa Cairo Road angachitire umboni, koma palibe amene amati novelo yonse ndi yopanda pake chifukwa cha iwo. Tikamayeza za akulu timatenga zabwino koposa, tikamayeza za ana timatenga kabuku ka sopo.

Dalitso Wojambula: Ndakhala chete koma ndilankhuleko ngati munthu amene amadyera pamenepa. Atate a Tembo mwati mawu sadzaza tsamba la nyuzipepala, nzoona, koma theka la nkhani silili m'mawu. Buku la zithunzi nthawi zambiri limakhala masamba 32, ndipo tsamba lililonse ndiyenera kuganiza kuti mwana akatembenuza aone chani, chodabwitsa chibisale kuseri kwa tsamba osati chionekeretu. Wolemba akalemba kuti "Tamara anadikira amayi ake", mawu atha pamenepo. Ine ndiye ndisankhe: ali pa mzere wa pampopi, zigubu zachikasu zandandalika, dzuwa likulowa, anzake onse atunga apita, iye wakhalira chigubu chake chopanda madzi, patapata imodzi yaduka chingwe waigwira m'manja, akuyang'ana kumsewu kumene minibasi ikutsitsa anthu koma amayi mulibe. Mwana wa ku Kanyama akaona tsamba limenelo safunika kumuuza kuti Tamara ali ndi nkhawa. Ndipo nkhope ya Tamara ikhale yomweyo kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, akuseka, akulira, chammbali, chakumbuyo, malaya omwewo, chipsera chomwecho pabondo, chifukwa ana amaona, ukalakwitsa amakuuza kuti uyu si iye.

Ntchito imeneyi ndi ya miyezi. Koma pali ena anandipatsa ntchito, anandilipira kamodzi ndalama yochepa, buku linatuluka dzina langa palibe pachikuto ngakhale mkati, asindikizanso kangapo ine osamva kanthu. Nditafunsa anati ndi tizithunzi ta ana chabe. Kwa ine ulemu umene mukukambawu si kuomberedwa m'manja, ndi dzina pachikuto, kontrakiti yolembedwa, ndi nthawi yokwanira yogwira ntchito bwino.

Amake Tiyamike: Pepa Dalitso mwana wanga, zimenezo si zoona kukuchitira. Mng'ono wanga nayenso vuto lake ndi lomweli, kuti apeze wojambula ayenera kulipira m'thumba mwake, kusindikiza kwa mitundu nkodula kuposa kwa mawu okhaokha, ndiye buku la masamba ochepa limatuluka mtengo wokwera kuposa novelo, kholo nkuona ngati akumubera.

Wamabuku wa pa Cairo Road: Ndi zoona amayi, munthu amaliyeza m'manja, kupepuka, nkufunsa kuti kameneka mtengo umenewu?

Madamu a Giredi 2: Pali chinanso chimene chimapangitsa ntchitoyi kukhala yovuta kuno ku Lusaka kuposa mmene anthu amaganizira. Mu 2014 pamene anati magiredi oyamba aziphunzira m'chinenero cha m'deralo, ife kuno tinapatsidwa Chinyanja. Koma Chinyanja cha m'buku ndi cha kum'mawa, cha ku Katete ndi Chadiza, pamene ana anga amalankhula cha m'tauni chosakaniza Chinsenga, Chibemba ndi Chingelezi, ena kunyumba ndi Chitonga kapena Chilozi. Ndimawerenga chiganizo kenako ndiyambe kumasulira Chinyanja kupita m'Chinyanja. Nkhani ikaima kawirikawiri chonchi imazizira. Wolemba waluso ndi amene angapeze mawu amene mwana wa ku Chawama awamve koma agogo ake a ku Katete osachita nawo manyazi, ndipo oterowo ndi ochepa.

A Tembo a ku Kabwata: Apa madamu samalani. Tikayamba kulemba mabuku m'chinenero cha makondakitala chinenero chathu chitha. Buku ndi limene liyenera kumukweza mwana kuti adziwe Chichewa chenicheni, osati kumutsatira kumene ali.

Chikondi wa pa UNZA: Amalume koma mwana amene amauzidwa kuti mmene amalankhulira iye ndi amayi ake si zoyenera kulowa m'buku, adzaona kuti buku si lake. Wofotokoza nkhani alembe Chichewa chabwino, koma kondakitala wa m'nkhaniyo alankhule ngati kondakitala, ana a pampopi alankhule ngati ana a pampopi. Olemba manovelo amachita zomwezo ndipo timawatama kuti ali ndi khutu.

A Tembo a ku Kabwata: M'kamwa mwa anthu a m'nkhani ndingalole pang'ono. Koma wofotokoza ayi.

Ambuya a ku Mtendere: Ife posimba fisi anali kulankhula mwa ufisi wake, sitinali kumukonzera mawu.

A Tembo a ku Kabwata: Chabwino, tsono ndinene ichi. Ngati mukufuna ulemu wofanana muvomerenso chikwapu chofanana. Novelo ikatuluka timaisenda, timati apa wolemba anathamanga, munthu uyu sakukhulupirika, mapeto ndi ofooka. Buku la ana likatuluka aliyense amangoti mwachita bwino, Mulungu akudalitseni pothandiza ana athu, ngakhale lili ndi zolakwika za kalembedwe tsamba lililonse. Kumeneko nkumunyengerera munthu. Mukalola kuti ndiwerenge kabuku ka ana ndi pensulo yofiira m'manja ngati mmene ndimawerengera ena, ndinene poyera kuti aka nkoipa, pamenepo tingayambe kukambirana.

Madamu a Giredi 2: Ndi zimene ndikupempha atate! Kuyamikira chilichonse nkunyoza komweko kovala bwino. Ine ndikufuna mkonzi amene angabweze nkhani kwa wolemba kuti kalembenso, ndikufuna munthu alembe m'nyuzipepala kuti buku ili ana asagulireni ndi ili gulani ndi zifukwa zake, monga amachitira ndi mabuku a akulu. Ife aphunzitsi timangolandira makatoni, zabwino ndi zoipa pamodzi, tizisankha tokha usiku.

Amake Tiyamike: Atate ngati muli ndi mtima umenewo ndimuuza mng'ono wanga akutumizireni zolemba zake ziwiri, musamunyengerere. Iye amene amadandaula kuti palibe amamuuza zoona.

A Tembo a ku Kabwata: Atumize, ndiwerenga mofatsa. Koma maganizo anga sanasinthe, novelo yaikulu yolembedwa bwino ndi phiri lalitali kuposa. Chimene ndavomera nchakuti uyu nayenso ndi mmisiri ndipo ayenera kuweruzidwa ngati mmisiri.

Dalitso Wojambula: Amene sanapiteko apite akaone malaibulale a Lubuto, yoyamba inatsegulidwa mu 2007 ku Fountain of Hope ku Kamwala, ina ili ku Garden. Nyumba zozungulira zofolera udzu, mkati muli malo okhala mozungulira osimbirana nkhani, ndipo anazimangira makamaka ana ovutika, ngakhale a mumsewu amene kwina amawathamangitsa pakhomo. Ukaona kamnyamata kopanda nsapato kagona chafufumimba pa buku limodzi osatukula mutu, kabwerere tsamba lomwelo kuloza ndi chala, umamvetsa kuti ntchito yako ili ndi woiwerenga wakhama kuposa akulu ambiri. Komanso amene muli ndi mafoni, pa African Storybook pali nkhani za ana zaulere m'zinenero zambiri za mu Africa, za Chinyanja ziliponso, zina zabwino zina zofooka, mukasankhe.

Chikondi wa pa UNZA: Ine chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ana apakati, a zaka 10 mpaka 14. Timabuku ta zithunzi awapitirira, mabuku a litiricha a ku sekondale sanawafike. M'Chingelezi msinkhu umenewu uli ndi mabuku ambirimbiri ochokera kunja, a ana ofufuza akuba, a kusukulu yogonera, a zamatsenga, otsatizana mpaka mwana amalira kuti mugule lotsatira. M'Chinyanja mwana wa giredi 6 amene akufuna nkhani yaitali ya machaputala, yoti awerenge pansi pa bulangeti ndi tochi magetsi atapita, mumupatsa chani? Ndipo msinkhu umenewu ndi umene munthu amasanduka wowerenga kapena amasiyiratu.

Madamu a Giredi 2: Apo wagunda penipeni Chikondi. Anzanga a giredi 6 ndi 7 amadandaula zomwezo. Ndipo nkhani zake zili ponseponse, mtsikana amene wabwera kuchokera ku Petauke kudzakhala kwa azakhali ku Matero akuti adzaphunzira koma akusanduka wantchito, mnyamata wokankha wilibala ku Soweto Market Loweruka kuti apeze ya yunifomu, ana a komboni nthawi ya mvula madzi atalowa m'nyumba akusaka mng'ono wawo. Zimenezi sizifuna kutsekemeretsa ndiponso sizifuna phunziro kumapeto, zifuna munthu wodziwa kusimba amene sawaopa ana.

A Tembo a ku Kabwata: Nkhani ya mtsikana wa ku Petauke ija ikalembedwa bwino nanenso ndingaiwerenge, m'mabanja mwathu zimenezo zachitika kwambiri ndipo timazibisa.

Wamabuku wa pa Cairo Road: Amene alembe loterolo asaiwale za mtengo. Zithunzi zikhale zochepa zakuda ndi zoyera, chikuto chokha cha mitundu, pepala wamba, likwane m'thumba la yunifomu, kuti kholo la ku komboni likwanitse ndipo mwana wosunga ndalama yake ya vitumbuwa athe kugula yekha. Msinkhu umenewo amabwera okha pathebulo akaweruka, safunsa za mayeso, amafunsa ngati lili ndi gawo lachiwiri. Likatuluka mundibweretsere makope khumi ndiyambe nawo, ndidzaika kutsogolo pamene ndimaika mapepala a giredi 7.